Khutu langa limalira, koma ndinamva zonse

Anzanga, ine ndi Lefina wa ku Kapelula. Lemani ndinakumana naye pamzere wa feteleza wa makuponi, dzuwa likuswa mtengo, fumbi mpaka m'mano.

Kalaliki anaitana dzina langa, ine osamva. Ndinangoona mnyamata wina akundikodola.

"Achemwali, dzina lili pa kuponi yanuyo ndi lomwe akuitana. Fulumirani, thumba lanu lipita ndi ena!"

Tsiku limenelo anandinyamulira feteleza panjinga yake mpaka kwathu, iye akukankha, ine ndikuseka nthabwala zake. Kwawo kunali ku Lisasadzi, koma kuyambira pamenepo njira zake zonse zinkadzera ku Kapelula.

Chomwe sankadziwa ndi ichi: khutu langa lakumanzere limalira. Ndili Sitandade 7 ndinadwala malungo aakulu. Malungowo anatha, koma m'khutu munatsala phokoso ngati la nyenje za mu Okutobala. Silipuma. Sindine wogontha ayi, kungoti pagulu mawu a anthu amasakanikirana ndi nyenjezo.

Ndinaphunzira ndekha kukhala nazo. Malo a zii ndi amene amandizunza, ndiye ndimayenda ndi kawayilesi, volume pansipansi. Ndikamasoka fodya m'chigafa ndimaimba. Kuchigayo ndinasiya kupita. Ndipo amayi ankandichenjeza kawirikawiri.

"Usauze munthu, mwanawe. Anthu akamva adzati ndi ziwanda."

Koma chikondi, anzanga...

Tsiku lina tikuthirira nazale ya fodya kudimba, Lemani anaika kheni pansi.

"Iwe, bwanji umandiyang'ana pakamwa ndikamayankhula? Ndili ndi chamasamba m'mano?"

Ndinaseka, kenako ndinamuuza zonse.

"Ndiye basi? Nkhani yake ndi yomweyi?" anatero. "Lefina, zimenezi zathera pano. Za iwe ndi za ine."

Ndinamukhulupirira. Anayamba kuyenda kudzanja langa lamanja kuti ndizimumva bwino. Mabatire a kawayilesi sankatha. Phokoso likakula ankangondiona pankhope, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya ndi mawu ake oipawo mpaka ndiseke. Ndinali serious, anzanga. Ndinkadziona kale ndili mu velo.

Fodya atalowa m'zigafa, ananditenga kukandionetsa kwawo.

Titafika, azakhali ake, a Enelesi, anandiyandikira mpaka pankhope n'kukuwa ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa dambo.

"MWA-YE-NDA BWA-NJI?"

Anadziwa bwanji? Ndinayankha mwaulemu, n'kupempha madzi osamba m'manja. Ndili kuseri kwa khitchini, anayamba kukambirana pakhonde, osatsitsa n'komwe mawu.

"Ndiye ameneyu ndi uja umati amamva zinthu m'mutuyu?" anafunsa azakhaliwo. "Lero ndi nyenje, mawa ayamba kumva mawu a akufa. Nanga ana adzabadwa otani?"

"Azakhali, tsitsani mawu, akumvani," anatero Princess, mlongo wake wa Lemani.

Ndinadikira kuti Lemani anditeteze. M'malo mwake anaseka.

"Musavutike, samva ameneyu. Ine ndimangomumvera chisoni. Komanso ali ndi dzanja pa fodya, munda wathu udzuka."

Anzanga, khutu langa silinalirepo ngati mphindi imeneyo.

Ndinapukuta manja pachitenje. Ndinabwerera pakhonde, n'kugwada bwinobwino monga anandilerera amayi anga.

"Azakhali, pepani, ndamva zonse. Khutu langa limalira, zoona. Linayamba nditadwala malungo ndili mwana. Si ziwanda, si misala. Sukulu ndinamaliza nalo, munda wa amayi ndimalima nalo."

Kenako ndinatembenukira kwa Lemani.

"A Lemani," ndinatero, koyamba kumutchula ndi ulemu wa alendo, "ngati mukufuna munthu waganyu, lembani. Ine ndimayesa mukufuna mkazi."

"Lefina, dikira, inali nthabwala chabe..."

Sindinacheuke. Ndinakalirira panjira, anthu asakundiona.

Masabata otsatirawo anali owawa, sindingakunamizeni. Mtima ukasweka phokoso limakula. Kenako ndinadzifunsa kuti ndikubisa chiyani kwenikweni. Ndinakwera matola kupita kuchipatala kuboma. Adokotala anandiyeza, n'kundiuza kuti vutoli lili ndi dzina, tinnitus, ndipo alipo ambiri amene ali nalo. Anandifunsa mmene ndimakhalira nalo. Nditafotokoza za wayilesi ndi kuimba, anagwedeza mutu.

"Pitirizani zomwezo, achemwali. Mukuchita bwino."

Lamulungu lotsatira ndinaimirira kutchalitchi nthawi ya zolengeza, n'kunena ndekha za khutu langa ndi pakamwa panga. Amayi anabisa nkhope m'chitenje. Koma titatuluka, bambo Jeremiya, amene anakalambira pa ntchito ya chigayo, anandigwira dzanja misozi ili m'maso.

"Mwana wanga, inenso. Zaka zonsezi ndimayesa anandilodza."

Pano amabwera kwathu, iwo ndi amayi ena awiri, timakhala pansi pa mango n'kumauzana zomwe zimathandiza.

Lemani anabweranso fodya atagulitsidwa, sorry wambirimbiri, akuti azakhali anamupanikiza. Ndinamupatsa mpando, ndinamupatsa madzi akumwa, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

"Ndakukhululukira," ndinamuuza. "Koma kuno usabwerenso."

Zimandiwawabe, anzanga, chifukwa ndinamukonda zenizeni. Koma chomwe ndinaphunzira n'chakuti munthu usamuyeze ndi zomwe amakuuza muli awiri. Muyeze ndi zomwe amanena za iwe akamaganiza kuti sukumva.