Phulusa la Mayi Edwina

Temwa Nthanda amakhala kutsidya kwa nyanja, ku Wakefield, ndipo m'mawa amakwera sitima ya ku Leeds kupita ku labotale. Ntchito yake ndi kufufuza zotsalira za pamalo opangira magetsi a nyukiliya. Amazisungunula mu asidi, nkutapamo yureniyamu amene angagwirenso ntchito, zoopsazo nkuziika pazokha. Wakuliramo mu ntchitoyi, ndipo azungu amamutcha dokotala.

Koma komiti ya amayi ku mpingo wa Amalawi inangomva mawu oti nyukiliya. Itakhala pansi, inagamula kuti pa zochitika zonse Temwa aziyala mipando. Kukhitchini ayi.

Sizinkamupweteka kwenikweni mpaka pamene mng'ono wake Stella anapeza banja. Mkulu wa mkwatibwi osagwira mthiko pa chinkhoswe? Kumudzi akamva adzati chiyani?

"Mwanangu, sikuti tikukusala," anatero Mayi Edwina, amene akhala pampando wa komitiyo chiyambire popanda chisankho. "Koma manja akowo. Tili ndi ana ife."

Tsiku lophika, Temwa anabwera ndi kachipangizo kamene amaonetsera ana a sukulu, kolira kakamva cheza cha nyukiliya. Anakayendetsa m'manja mwake, m'tsitsi, pa chitenje. Zii. Amayi anayamba kuseka, aliyense kutambasula dzanja kuti ayezedwe. Kenako anakaika pa tebulo, pafupi ndi chitini china chotsegula.

Te-te-te-te!

Onse anadumpha. Munali phulusa la Mayi Edwina, lochokera ku Ntcheu mu sutikesi, lopangira chidulo cha therere.

"Ambuye! Ine ndadya zimenezi kuyambira ndili mwana!" anafuula Mayi Edwina.

"Ndiye taonani mwakalamba bwinobwino, amayi," anatero Temwa. "Phulusa lili ndi mchere wina wotulutsa kacheza pang'ono. Sizipha munthu."

"Wakalamba ndani?"

Komiti inakumana pomwepo, choimirira. Nkhani inavuta. Kuletsa Temwa, amene kachipangizo sikanamulirire, kunafunika kuyamba ndi kuletsa therere la apampando, ndipo wolimba mtima chotere sanapezeke. Atanong'onezana, Mayi Edwina anakonza duku nkulengeza kuti komiti yaona kuti mwanayu amadziwa kusefa zabwino kuchoka mu zotsalira, choncho asefe chidulo ndiye.

Temwa anamanga chitenje nkutenga mthiko. Kachipangizo kokha ndi kamene kanaletsedwa kulowanso m'khitchini, chifukwa cha phokoso.