Njinga ya Atate Inafika Kumanda Yokankhidwa

Ndinadzuka kunja kusanayere, msana uli gwa chifukwa cha mpando wapulasitiki umene ndinasinzirapo. Tenti imene tinamanga pabwalo la nyumba yathu ku Kabwata inali itasunga madzi a mvula ya dzulo lake, ikulendewera pakati ngati mimba ya ng'ombe. Amuna anali atazinga moto umene unali utatsala makala okha, ena akuwodzera, ena akungoyang'ana phulusa. M'nyumba, momwe tinatulutsamo mipando yonse, amayi a chigwirizano anali atatsitsa nyimbo mpaka kumangomveka ngati kung'ung'udza. Anali ataimba osapuma kuyambira madzulo. Linali tsiku loika atate m'manda.

Atate anayenda pa njinga yamoto moyo wawo wonse wa ntchito. Poyamba ankanyamula makalata a m'maofesi a m'tauni, kenako mankhwala, kuperekera odwala ku Kabulonga, ku Chelstone mpaka ku Makeni. Sanafe pangozi ayi, anafa ndi shuga ali pabedi pawo. Asanatsikire kuli chete anapempha amayi chinthu chimodzi chokha: njinga yawo idzayende patsogolo pa bokosi kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Amayi anauza ine, mwana wawo woyamba, ndipo ndinavomera msangamsanga ngati ndikulandira mphoto. Kuyendetsa ndimadziwa, anandiphunzitsa atate omwewo ndili mnyamata, ngakhale panali patapita zaka ndisanakhalenso pachishalo.

Ntchito yanga ndi yotsuka magalimoto. Ndili ndi malo anga ku Libala, ndipo sindidzichepetsa, galimoto ikachoka m'manja mwanga mwini wake amapesa tsitsi akudziyang'anira pachitseko. Ndiye nditatulutsa njinga ija m'kashedi m'mawa umenewo, mtima unandiwawa. Inali yosamalidwa bwino, tcheni yothira oyilo, mabuleki ogwira, matayala a mano athunthu, koma yosawala. Atate ankaitsuka ndi madzi ndi kansanza, basi. Ine ndinati ayi, lero kubwera anthu, aone kuti mwini wake anasiya mwana. Ndinatenga botolo la polishi wa matayala m'chikwama changa, n'kuyatsa tochi ya pafoni, n'kugwada pamatope. Ndinapaka m'mbali mwa matayala onse awiri mosaumira, mpaka polishi akuyenderera. Wotsala pasiponji ndinapukutira chishalo. Pamene kunkacha, njinga inali ikunyezimira ngati yochoka kumene m'sitolo.

Kuseri kwa nyumba azimayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa. Utsi sunkakwera m'mwamba, unkangokwawa pansi n'kulowa m'tenti, moti amene ankalira maliro ndi amene ankalira utsi sankasiyana. Nyemba zinali pamoto, ena akudula kabichi pathebulo limene tinabwereka kwa oyandikana nawo nyumba. Kenako anthu anayamba kufika. Abale a ku Katete anatsika basi ya m'mawa ndi zikwama pamutu, n'kuyamba kulira ali pageti. Telala wina wachisilamu wa ku Emmasdale, mnzawo wa atate wakale, anakhala pakona ya tenti atavala chisoti chake choyera. Anzawo oyenda nawo panjinga zaka zija anabwera pa minibasi, mawondo atawakana, ndipo analunjika m'nyumba kukapepesa amayi. Azakhali anga atatulukira pabwalo anaima pafupi ndi njinga n'kugwira pakamwa, akuti mlongo wawo akanaiona akanasekerera. Ndinatupa ndi mawu amenewo.

Galimoto ya maliro itafika, ndinatsogola kupita kutchalitchi. Si patali, msewu wake ndi wowongoka ndipo unali utauma, choncho palibe chinachitika. Ndinangomva kuti ndikutsetsereka pang'ono pachishalo ndikagwira buleki, koma ndinati ndi buluku la suti.

Mvula inayamba abusa ali pakati pa ulaliki. Inagunda malata mwamphamvu mpaka tinkangoona milomo yawo ikuyenda. Titadutsa pabokosi kuona nkhope, atate anaoneka ngati akumvetsera mvulayo, monga ankachitira m'mawa asanasankhe njira yodzera. Panja ndinavala jekete lawo lamvula ndi helemeti yawo, imene inkanunkhirabe mafuta awo odzola kumutu. Amalume anandifunsa ngati ndingakwanitse m'mvula yotere. Ndinawayankha kuti ndine mwana wa mwini njinga.

Ndipo poyamba ndinayendadi ngati mwana wawo. Zonse zimene anandiphunzitsa zinabwera m'mutu. Ndinayatsa nyali ngakhale unali usana. Ndinayenda pang'onopang'ono, pakuti iwo ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi oima ndinkawalambalala, chifukwa mu Lusaka muno sudziwa ngati pansi pake pali phula kapena dzenje lomeza tayala. Mizere yoyera yapenti sindinaiponde. Pamene panalibe kothawira ndipo ndinadutsa m'madzi, ndinkagwira mabuleki pang'ono kuti aume. Pagalasi ndinkaona galimoto ya maliro, kenako ya amayi, kenako mabasi ndi lole yonyamula anyamata a m'dera lathu. Anthu obisala pansi pa makonde a masitolo ankavula zipewa. Ndinkadziona ndekha kuti ndikuchita bwino.

Pa raundabauti ya ku Woodlands ndinapendeketsa njinga kuti ndikhote. Sindinathamange, sindinagwire buleki. Tayala lakutsogolo linangochoka pansi panga ngati wina wakoka mphasa. Matako anatsetsereka pachishalo, bondo linagunda phula, ndipo ine ndi njinga tinaserereka aliyense njira yake mpaka kukagunda konkire ya m'mphepete. Ndili chigonere m'madzi akuda, ndinadziwa chimene ndachita. Galimoto imayendera pakati pa tayala nthawi zonse, ndiye m'mbali mungapake zimene mukufuna. Njinga ikamakhota imagonera pambali pa tayala, pomwe ine ndinapaka polishi mosaumira paja. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mnyamata. Manja anga anangochita zimene amachita tsiku ndi tsiku kuntchito, mutu uli kwina.

Mdipiti wonse unaima. Magalimoto ena anayamba kuliza mahutala. Anyamata anadumpha m'lole akuti tiikweze njingayo kumbuyo, ine ndikwere nawo. Ndikanavomera. Koma nkhope zinali zitadzaza m'mawindo a mabasi, ndipo njinga ya atate kufika kumanda itagona m'lole ngati mbuzi yopita kumsika, ndinaona kuti sindingapirire. Ndinaimirira msanga, n'kubisa kutsimphina, n'kuwauza kuti apitirire, ndiilize ndiwapeza asanafike patali. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali asanakweze dzanja kuti madalaivala anyamuke. Nkhope ya amayi sindinaione, galasi la galimoto yawo linali lachita nthunzi.

Manyazi anapha lambe. Atapita onse, ndinapeza kuti chogwirira kilatchi chathyoka, ndipo injini inangokhosomola kawiri n'kukhala chete. Foni yanga inali itasweka m'thumba. Ndinayamba kukankha.

Njinga yamoto imapepuka ikamakunyamula, ukamaikankha ndi pamene umadziwa kulemera kwake. Ndinadutsa mipanda yaitali ya ku Woodlands, alonda akundiyang'ana m'tinyumba tawo. Magalimoto ankandithira madzi. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha pansi pa ambulera anandiitana kuti ndibisale kaye, ndinangopukusa mutu. Magazi a pabondo ankatsikira m'sokisi. Njira yonse ndinkadziuza kuti pofika pano aika kale, ndipo ndikunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti zikhale choncho, ndifike anthu atabalalika. Phula litatha n'kuyamba msewu wa dothi wa kumanda, matope ofiira anamata matayala mpaka kuwala konse kuja kunakwiririka. Ndinayamikira matopewo.

Ndisanaone anthu ndinamva nyimbo. Inali nyimbo yomwe tinaimba kutchalitchi, koma mawu atatopa. Nditakhota pa mitanda yomaliza ndinawaona onse ali chiimire m'mvula, maambulera ochepa, azimayi atafunda zitenje zonyowa kumutu. Bokosi linali pamwamba pa dzenje, atalifunditsa pulasitiki. Anyamata awiri anali m'dzenjemo akukapa madzi ndi ndowa, kupatsira ena pamwamba. Pambuyo pake mlongo wanga anandiuza kuti abusa anafunsa kangapo kuti atsitse, amalume anachonderera, akulu a mpingo anati anthu adwala, koma amayi anakhala pamphasa pawo pafupi ndi bokosi n'kuyankha mofanana nthawi zonse.

"Ba tate bake banakamba ati njinga ibapelekeze. Tizayembekeza."

Anthu anapatuka kundipatsa njira. Palibe anandikalipira, ndipo bola akanandikalipira. Agogo ena a ku Katete ankanjenjemera ndi kuzizira, milomo itachita mbuu. Telala uja chisoti chake chinali chitamatirira kumutu. Ndinakankha njinga pakati pawo, maso ali pansi, buluku litang'ambika mpaka pantchafu. Ndinaiimika kumutu kwa dzenje. Amayi anaiyang'ana, kenako anayang'ana bondo langa, n'kugwedezera mutu abusa. Zingwe zinayamba kutsika.

Poponya dothi, linali phala lokhalokha ndipo linakanirira m'dzanja langa. Poika nkhata za maluwa ndinamva amuna awiri kumbuyo kwanga akunong'onezana kuti njingayo ndi yakalekale, mwina mdalayo anali atasiya kusintha matayala chifukwa cha matenda. Atate, amene ankapima mano a tayala ndi chala mvula iliyonse isanayambe. Ndinatembenuka kuti ndiwayankhe, koma ndinabwezanso maso kudzenje. Ndinawasiya akuneneza munthu amene tinali kumukwirira.

Pobwerera njinga inakwera lole, ine ndili pambali pake. Kunyumba anthu anasamba m'manja pageti, anadya mofulumira ataimirira, n'kumathamangira kwawo kukasintha zovala. Amene pamaliro ena amakhala mpaka madzulo akucheza, tsiku limenelo sanakhale. Azakhali ananditsuka bondo ndi madzi amchere. Anyamata anagwetsa tenti, anabweza thebulo, n'kulowetsa mipando.

Dzuwa likulowa mvula inali itasanduka yowaza. Abale a kumudzi anali atagona m'zipinda, atatopa ndi ulendo ndi kuzizira. Ine ndinakhala pakhonde, njinga ili patsogolo panga ndi matope ake. Amayi anatuluka atafunda chitenje chakuda n'kukhala pa kampando ka atate. Kenako ndinawauza, maso ali pa bondo langa.

"Amai, njinga ilibe mulandu. Nenze napaka polishi ku matayala."

"Niziba, Yotamu," anatero. "Nenze nakuona pa windo kuseni. Ba tate bako benze bakamba lyonse ati sibapaka vija ku njinga. Nenze nifuna kukuitana, manje wenze kulila uko upukuta. Nakusiya chabe."

Ine ndinkayesa kuti m'mawa muja panalibe wondiona. Amayi anatambasula dzanja n'kuchotsa chibuma cha matope pagalasi la njinga, n'kuchiponya pabwalo.

"Mailo kukacha ukabauze baja bamene benze bakamba kumanda," anatero. "Nenze nabamvela naine."

Anaimirira pang'onopang'ono n'kulowa. Sanayatse nyali ya pabalaza. M'nyumba munali zii, kupatula madzi odontha kuchokera padenga kugwera m'beseni, ndi munthu wina akukhosomola kuchipinda chakumbuyo.