Ndinauza amalume kuti asaime

Lachitatu amayi aang'ono, omwe ndimakhala nawo ku Chawama, anandituma kuperekeza amalume a Yobe kuchipatala. Amalume ndi munthu wamkulu, wandevu zake. Anabadwa ndi vuto lomwe madokotala amati Down syndrome, ndipo mtima wawo uli ndi chibowo. Masiku ano akangonyamula chigubu cha madzi amakhala pansi. Dokotala anafuna kuwayendetsa m'khonde kuti aone pomwe mtima ukulekezera, asanasinthe mankhwala.

Ine nditamva zoti akawayeza, maganizo anathamangira kusukulu ya kwathu ku Chadiza, komwe wolephera ankamutchula dzina pamzere. M'minibasi ndinawanong'oneza kuti, "Amalume, kumeneko mukayende mwamphamvu. Osaima. Musakatichititse manyazi."

"Chabwino, iwe," anatero akumwetulira.

Anesi anawaveka kachipangizo pachala, koonetsa kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi. "Ba Yobe, muyende che monga mwamene muyendela ku nyumba. Mukalema, imililani. Si mpikisano."

Amalume anauyamba ulendo, kupita ndi kubwera. Akafika pomwe ndinaima ankandiyang'ana, ine n'kumagwedeza mutu. Milomo inayamba kuda, phuma lili befubefu, koma osaima. Anesi anachita kuwagwira n'kuwakhazika pampando.

"Nanga simunakambe bwanji kuti mwalema?"

"Uyu anakamba ati nisaime," anatero akuloza ine. Sanakwiye ayi. Ankadikira kuti ndiwayamikire.

Anesi ananditembenukira. "Iwe mufana, ufuna badokota baganize ati mutima uli che bwino? Sembe bagwa apa, unali kuzachita chani?"

Ndinangoyang'ana pansi. Kuyezako akabwereza tsiku lina, ndipo mankhwala atsopano ayamba adikira. Chifukwa cha ine.

Pepani, awerengi, sindine woyenera kulangiza akuluakulu. Koma kodi m'makomboni muno ndine ndekha? Abale athu otere timawaphunzitsa kuvomera chilichonse. Alendo akabwera timawauza kuti, "Nenani kuti muli bwino." Akanena bwinobwino timawaombera m'manja. Akati atopa timati ndi ulesi. Kuchipatala timawayankhira mafunso iwo ali pompo, ngati mtimawo ukugunda m'chifuwa mwathu.

Pobwerera amalume anandifunsa kuti, "Napasa, iwe?"

Kwa iwo anali mayeso, ndipo ankafuna kudziwa ngati akhoza.

Inu amene muli ndi m'bale wotere pakhomo, tsiku lomwe chifuwa chidzamuthina zenizeni, adzakuuzani? Kapena adzanena zomwe munamuphunzitsa?