A Sadick ndi Kansalu ka Bwana

A Sadick anakonza mawailesi pamsika wa pa Boma zaka makumi awiri, mpaka anthu atayamba kumvera nkhani pa foni. Kenako anabwera kudzagwira umesenjala kwathu, ku labotale yoyeza madzi a m'mijigo ndi a m'nyanja. Satifiketi alibe ndi imodzi yomwe. Ali ndi maso basi, ndi khalidwe lina limene ine Rahila, wolemba mabotolo a madzi, linkandinyansa: chinthu chikawonongeka sachigwira, amakoka mpando n'kumachiyang'ana ngati mlendo.

Mu Okutobala chaka chatha makina athu anayamba misala. Pali kabokosi kakuda kamene kamalandira zomwe tizitsulo toviika m'madzi tayeza, n'kutumiza manambala ku kompyuta. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, manambalawo ankangoima. Tedson, katswiri wathu wa ku koleji, anali asanamalize miyezi yoyesedwa ntchito. Anasintha mawaya, anafufuta pulogalamu n'kuikanso kawiri, anaimbira kampani imene inatigulitsa makinawo mpaka mayunitsi kutha. Chopweteka n'chakuti iye akangofika n'kuyamba kugwiragwira, pakapita kanthawi zonse zinkayenda bwinobwino. Mawa lake, yomweyo.

Bwana Zangaphee anatopa nazo. "Achimwene, Lachisanu likakwana zili chonchi, mutisiyire makiyi."

Tedson anali atangobweretsa mkazi wake woyembekezera kuchokera ku Dwangwa. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinapsa mtima kuona a Sadick atakhala phee pampando wawo masiku awiri, osathandiza ngakhale kugwira waya. Lachitatu anatiitanira kuseri kwa ofesi.

"Mwana wanga, ukafika pa kabokosi paja umayamba n'chiyani?"

"Ndimaona mawaya, bambo."

"Usanaone mawayawo."

Tedson anakanda m'mutu. "Ndimachotsa kansalu."

"Ehee," anatero a Sadick.

Kansaluko kanali koluka ndi ulusi wokhuthala, ka maluwa ofiira. Anakaluka ndi mayi a kunyumba kwa bwana, ndipo bwanawo ankavundikira nako kabokosi m'mawa uliwonse ndi manja awo, poti chinthucho chinadula ndipo fumbi la kuno lilibe manyazi. Tonsefe sitinkakawerengera n'komwe. Ndani kwawo wailesi ya kanema imakhala yosavala? Koma kabokosiko kamapumira m'timabowo ta pamwamba. Masana kankatentha n'kukomoka, Tedson akakavula kankatsitsimuka, iye n'kukavekanso mwaulemu pochoka.

Tedson ananyamuka kuti akanene. A Sadick anam'gwira malaya.

"Ukawauze kuti nsalu ya akazi awo ndiyo yatizunza mwezi wonse? Makina achira, koma iwe makiyi usiyabe. Wamkulu sauzidwa choncho."

M'mawa wa Lachinayi a Sadick anatulutsa m'sitolo chibokosi chakufa cha makina akale. Anachipukuta ndi mafuta, anachikhazika pambali pa kabokosi, n'kulumikizako waya wopita kuseri kwa kabati, kumene unakathera pa msomali. Bwana atalowa ndi kansalu kawo, a Sadick anavula chipewa.

"Bwana, Tedson wapeza vuto. Ndi fumbi, koma likulowera muchachikuluchi, ndimo muli mtima wa makina onse. Inu mwakhala mukuveka wantchito, mwini wake ali wosavala."

Bwana anayang'ana chibokosicho nthawi yaitali. Ine ndinaluma mlomo, maso ali pa mabotolo anga.

"Ndinkanena ine kuti ndi fumbi," anatero, n'kuyala kansalu pachibokosi chakufacho, kuwongola ngodya zonse zinayi.

Tsiku limenelo manambala anayenda mpaka kuweruka. Lachisanunso chimodzimodzi. Tedson analandira kalata yomukhazikitsa pantchito, ndipo bwana anamuuza pamaso pa tonse kuti asaiwale kukathokoza mayi, poti popanda nsalu yawo iye akanakhala ali pa minibasi kubwerera kwawo.

Loweruka Tedson anagula chambo chachikulu kugombe, anakwera kabaza mpaka kwa bwana, n'kuthokoza atagwada. A Sadick anali atamulangiza kuti anene mawu awiri okha n'kutsanzika, koma iye, ndi chimwemwe chakecho, anayamikira maluwa aja limodzilimodzi.

Lolemba anafika nkhope itagwa, n'kupita molunjika pampando wa a Sadick.

"Bambo, mayi aja akondwa kwambiri. Ayamba kale kuluka kena. Akuti kabokosi kakang'ono kaja kasamachite nsanje."