Benchi Yakutsogolo ya Adada

Zopita ku Joni ndinaziganiza ndili kuseri kwa vidiyo sho ya pa Manyamula, mtolo wa nkhuni uli pansi, diso lili pakabowo ka m'khoma. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, munthu wamkulu ndithu, koma ndikusuzumira ngati wakuba. M'katimo munali filimu ya ku India. Mtsikana anali atamutsekera m'nyumba pa tsiku lomwe bwenzi lake ankakwatira wina. Ndisanaone ngati atulukemo, mwini sho uja anandipezerera.

"Iwe NyaShaba, ukufuna filimu kapena mwamuna? Ngati ndi mwamuna, lowa, adzaza m'katimu!"

Anyamata anafa nako kuseka. Ndinasenza nkhuni zanga manyazi atandigwira mpaka kumapazi, koma mkwiyo unaposa manyaziwo. Kwathu mkazi wolowa mu vidiyo sho amapatsidwa dzina lomwe sindingalilembe pano. Ndili m'njira ndinalumbira kuti ndidzatsegula sho yangayanga, yoti mkazi azilowera pakhomo, n'kukhala pabenchi, n'kuonera filimu mpaka mayina a kumapeto akwere.

Adada, bambo anga, atamva anapukusa mutu. "Anzako amapita ku Joni kukafuna malata ndi ng'ombe. Iwe ukukafuna zithunzi zoyenda?" Sanandiletse. Ndinagulitsa mtedza wanga wonse ndi mbuzi ziwiri, n'kupangitsa pasipoti. Achimwene anali atapita kale ku Joni, mkazi wawo NyaMoyo anamusiya pakhomo pathu. Mlamu wangayu ndiye anandisenzera chikwama mpaka pa siteji. Ndi munthu wofatsa chomene, woti mungaiwale kuti alipo. Anangoti, "Mukayende bwino, alamu," n'kubwerera kukatunga madzi.

Ndinakathera ku Durban, m'nyumba ya mayi wina wachikulire wachimwenye, wodwala miyendo komanso wolongolola koopsa. Tiyi akazizira pang'ono, phokoso. Pilo akapendekeka, phokoso. Ndikanathawa sabata yoyamba, koma mayiyo anali ndi matenda ngati anga omwe: kuyambira m'mawa mpaka madzulo TV inali pa mafilimu. Ndinkasita ndili pakhomo la pabalaza, khosi litapindikira ku TV, ndipo mabulauzi awiri ndinawawotcha. Atatopa n'kundikalipira anati ndizibweretsa tebulo lositira m'katimo.

Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti mafilimu ndi ambiri ngati ndiwo. Kwathu tinkangodziwa a karate, a nkhondo ndi a ufiti a ku Nigeria. Ine ndinapeza a apolisi ofufuza wakupha, omwe umangokayikira aliyense mpaka wophika. Ndinapeza akalekale opanda mtundu, anthu akungoyankhulana m'chipinda chimodzi koma iwe mtima uli m'mwamba. A amuna a zipewa zikuluzikulu okwera akavalo. A mizukwa, omwe ndinkaonera nditaphimba nkhope ndi thaulo koma osasuntha. Makatuni ndinkati ndi za ana, mpaka ina inandiliza ngati ndili pamaliro. Ngakhale a nyama zakutchire, abale inu, ndinkachemerera mbawala kuti ithawe! Mukandifunsa mtundu womwe ndimaukonda kwambiri, sindingakuyankheni. Ndimawakonda onse, kupatula omwe amathera m'malere.

Koma ndisakunamizeni kuti kunali kokoma. Ndinasungulumwa kwambiri. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinagona m'kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi matanki a zinyalala. Lamlungu, tsiku langa lopuma, ndinkapita ndekha ku kanema weniweni wa m'tauni, wa mipando yofewa. Pakachitika choseketsa ndinkatembenuka kuti ndimugunde mnzanga pamwendo, n'kupeza mpando wopanda munthu. Kuseka wekha kumapweteka. Mauthenga ochokera kumudzi ankabwera pafoni, mawu a amama: feteleza wakwera, denga likudontha, azakhali ako agonekedwa ku Boma. Ndinkatumiza, ndipo sindidandaula, ndiwo udindo wake. Koma mwezi uliwonse ndinkapatula kangachepe ka sho yanga, ndipo kameneko sindinkakakhudza ngakhale nsapato zitang'ambika.

Anzanga a ku Mzimba omwe tinkakumana kutchalitchi ankandiseka. "Zaka zonsezi ulibe mwamuna, ulibe nyumba, wangokwatiwa ndi TV." Ndinkangoti yewo, ndamva.

Tsiku lotsazika, mayi wachimwenye uja anakalipa kuposa masiku onse, kenako anandipatsa mafilimu ake akale odzaza katoni. Anati malo anga awasunga miyezi itatu. Ikadutsa ndisanabwerere, alemba wina. Choncho ndinakwera basi ndikudziwa bwino lomwe kuti sho ikakanika m'miyezi itatuyo, ndibwerera ku kachipinda kaja, ndipo mwina mpaka ukalamba.

Katundu anabwera ndi matransipota, aja onyamulira anthu katundu kuchokera ku Joni: pulojekita, masipika awiri, masola ndi mabatire. Anthu anathamangira kudzaona zomwe NyaShaba wabweretsa, ndipo ataona kuti mulibe sofa kapena firiji anabwerera akunong'onezana. Ndinapeza shedi yakale yosankhiramo fodya pafupi ndi msika. Ndinaikulungiza ndekha, khoma limodzi n'kulipaka laimu, mazenera n'kuwatseka ndi nsalu zakuda. Mabenchi anandikhomera kalipentala ndi matabwa a ku Chikangawa. Pakhomo ndinalemba ndi penti yofiira kuti AMAYI NDINU OLANDIRIDWA.

Ku Durban ndinkaona kuti malo atsopano akamatsegulidwa amaitana munthu wolemekezeka. Ndiye ndinaitana adada. Ndinkafuna anthu aone kuti pano si malo a uve, mpaka mdala Shaba amakhalapo. Anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi, ali ndi anzawo asanu, madoda okhaokha a m'midzi yathu, ndipo ndinawakhazika pabenchi yakutsogolo. Ndinaika filimu ya amuna a akavalo ija, ya anthu olimbirana ng'ombe. Ha! Adada anaiwala kuti ndi mkulu wa mpingo. Ankaimirira, akuloza khoma ndi ndodo. "Ng'ombe zimenezo sakusa choncho! Zibalalikatu izo!" Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndinkakuyesa wopenga." Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, moti sindinalabadire kuti m'shedimo simunalowe mkazi ndi mmodzi yemwe.

Kuyambira pamenepo adada sanajombe. Ikangokwana 2 koloko, uyo akubwera ndi gulu lake, molunjika ku benchi yakutsogolo. Ndani angalipiritse bambo ake pakhomo? Ndipo anzawo a bambo ako ungawayambe bwanji? Anyamata ankabwera apo ndi apo, poti ambiri masiku ano amaonera pafoni. Anthu omwe ndinkawadalira, omwe ndinawamangira shoyo, anali amayi. Midzi yathu yadzaza ndi akazi omwe amuna awo ali ku Joni. Masana akaweruka kumunda ndinkawaona akubwera awiriawiri, atatchena zitenje zatsopano. Ankafika pakhomo, kusuzumira, n'kubwerera chamsangamsanga ngati aona njoka.

Ndinayesa zonse. Ndinaika za ku Nigeria, osalowa. Za ku India zoimba ndi kuvina, osalowa. Ndinatsitsa mtengo. Ndinachotsa nsalu pazenera limodzi kuti musachite mdima wambiri. Mwezi woyamba unatha, wachiwiri n'kutha. Ndinayamba kupsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipatsekeka. Ndinapita kumjigo n'kuwalalatira amayi onse.

"Ndavutika zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha inu! Mukufuna ndikunyamuleni kumsana? Mbwenu khalani choncho, muzingoonerera nkhuku!"

Anangoyang'ana zidebe zawo. Sabata yomweyo mayi wa ku Durban anatumiza uthenga wofunsa ngati ndikubwera, poti mtsikana wina akufuna malowo. Ndinatulutsa pasipoti m'chikwama n'kuiika pansi pa pilo. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinalira.

M'mawa mwake ndinali pakhonde la khitchini ndi NyaMoyo, tikutongola chimanga. Tinatongola nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa, maso ali palichero.

"Alamu, tsiku lija kumjigo munatitukwana."

"Ndinanena zoona."

"Ine ndabwerako katatu ku sho yanu. Katatu konse ndinabwerera pakhomo."

"Chifukwa chiyani? Muli mkango m'menemo?"

"Muli adada."

Ndinasiya chitsononkho. Iye anapitiriza. "Ine ndingakhale chipinda chimodzi ndi apongozi anga? Mumdima? Nanga m'filimumo anthu akayamba kugwiranagwirana, maso ndiwaika kuti? Nanga chikandiseketsa? Pabenchi ija pali apongozi a NyaJere, a NyaTembo, a tonsefe. Inu ndinu mwana wa pakhomo, alamu. Simunakhalepo mkamwana wa munthu."

Safunsa anadya phula. Mwambowu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana. Kwathu mkamwana, mkazi wa mwana wako wamwamuna, akakumana ndi apongozi ake aamuna panjira amapatuka n'kugwada cham'mbali. Sadya iwo akuona, sakweza mawu iwo ali pafupi. Ndinkaziona tsiku ndi tsiku, koma sizinandigwerepo ine, ndiye sindinaziwerengere. Ndinatenga anthu omwe amayi onse a m'deralo amawathawa, n'kuwakhazika kutsogolo kuti akhale chikoka. Ndinachita manyazi kwambiri ndi mawu anga a kumjigo aja.

Tsono ntchito inatsala inali yowawa. Munthu yekhayo amene anakonda sho yanga ndi mtima wonse ndinayenera kumuuza kuti asabwere. Ndinazengereza masiku awiri. Tsiku lotsatira ndinawapeza adada kukhola m'mawa akutsegulira ng'ombe, ndipo ndinagwada poteropo.

"Adada, ndapota, ndili ndi pempho. Lachitatu ndi Loweruka musamabwere ku sho. Inu ndi anzanu."

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Ukundithamangitsa?"

"Ayi, adada. Koma mukakhalamo inu, akamwana sangalowe. Akapanda kulowa, ine mwezi uno ukatha ndibwerera ku Joni."

Anagwira mtengo wotsekera khola. Nkhope yawo inagwa, ndipo zinandipweteka. Kenako anafunsa kuti, "Ija tinaisiyira pakati, ya wapolisi wa ndevu uja, ithera pati?" Ndinati ndidzawaikira Lachinayi, kuyambira pomwe tinalekezera. Anangoti, "Yewo," n'kutsatira ng'ombe zawo.

NyaMoyo ndiye anafalitsa uthenga, ine ndinalibe nkhope yobwerera kumjigo. Lachitatu masana ndinaima pakhomo la shedi kudikira. Anabwera atatu, n'kusuzumira. Benchi yakutsogolo inali yopanda munthu. Analowa. Kenako asanu, kenako gulu, ena ndi ana kumsana, mpaka ena anayala zitenje pansi. Benchi ya adada ija sanaikhale, anaisiya choncho. Ndinaika filimu yoseketsa, ya mkazi wonenepa yemwe anadzibisa ngati wophika kuti akagwire mwamuna wake wothawa banja.

Phokoso lomwe linabuka m'menemo sindinalimvepo ngakhale ku Durban. Ankakuwa, kumulangiza mkaziyo, kumutukwana mwamunayo m'Chitumbuka chosaphika. "Mutchaye na chikombe icho!" Wina anali kugubuduka pansi. Pakati pa onsewo panali kuseka kwina kwakukulu, kosasa, kokoka mpweya ngati pampu ya njinga. Ndinayang'ana kuti ndione mwini wake. Anali NyaMoyo, duku litagwa, misozi ili mbwee.

Ndinatuluka panja kuti ndikaone mabatire. Kutsidya kwa msewu, pakhonde la telala, panali adada atakhala pa mpando wa ndalema, atavala jekete lawo lija, nkhope atalozetsa kumbali kuti aliyense wotuluka asakumane nawo maso. Ndinawolokera komweko n'kugwada.

"Alowa?" anafunsa.

"Adzaza, adada. Sindikubwereranso ku Joni."

Anagwedeza mutu. Kuseka kuja kunamvekanso, kudutsa khoma ndi msewu womwe.

"Ameneyo ndi mkazi wa ndani, woseka ngati akumukanda?"

"Ndi NyaMoyo, adada."

"NyaMoyo wathuyu?"

"Yemweyo."

Anatchera khutu mpaka kusekako kunatha. Ine ndinkadziyesa kuti ndine ndinasungulumwa ndekha, kutali, pakati pa alendo. Mlamu wanga anali pakhomo pathu pomwepo, pakati pa anthu ake, zaka zonsezo.

Adada anapukuta m'maso ndi chala chachikulu.

"Zaka khumi ndi ziwiri akundiphikira mwana ameneyu," anatero. "Mawu akewo ndawamva lero."