Dimba la Zitsulo

Adadi anali ndi dimba lomwe silinkamera kanthu. Linali kuseri kwa nyumba yomwe tinkachita lendi ku Laurel, kuno ku dziko la azungu, pakati pa mpanda ndi mtengo womwe unkayoyola masamba onse chisanu chikayandikira. M'dimbamo anadzalamo misomali, ndalama zachitsulo, zitsekerero za mabotolo ndi kiyi wakale, chilichonse padzenje pakepake, china pafupi, china mozama. Anawaphunzitsa zimenezi ndi anzawo a ku kalabu ya anthu ofufuza zitsulo pansi. Iwo amati ukafuna kudziwa kulira kwa makina ako, uzikwirira zinthu wekha n'kumaziyendera mpaka khutu lizolowere.

Makinawo anali ngati ndodo yokhala ndi mbale kumapeto. Mbaleyo ikadutsa pamwamba pa chitsulo, m'mahedifoni mumamveka kulira. Msomali umalira ngati chule, ndalama yasiliva ngati kabelu. Adadi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tsiku lawo lopuma linkathera m'minda ya anthu omwe awalola kukumba. Amayi ankati, "Anzanu akapuma amagona, inu uko kukatola zinyalala za azungu."

Chisanu chikafika, nthaka kuno imauma ngati simenti, kukumba n'kuyamba kwaima. Imeneyi ndiyo nyengo yomwe ndinkaikonda, chifukwa adadi ankakhala pakhomo. Ankayala nyuzipepala patebulo, n'kutulutsa zitini za zomwe atola chaka chonse. Ankatsuka mabatani ndi mswachi wakutha, n'kumatokosa dothi ndi kamtengo ka m'mano. Ndalama zobiriwira ankazinyika m'mafuta ophikira, amayi ali pikitipikiti kufunafuna botolo lawo. Loweruka tinkapita ku laibulale kukaona mapu akale, adadi akuloza pomwe panali sukulu kapena chitsime, pomwe lero ndi tchire lokhalokha. Kamodzi pamwezi ankakakumana ndi anzawo aja, kukaonetsana zomwe apeza ndi kunamizana za zomwe adzapeze nthaka ikafewa.

Tinalinso ndi masewera athu awiri. Ankagoneka makina pampando, kundiveka mahedifoni, ine n'kutsinzina. Kenako ankadutsitsa kanthu patsogolo pa mbale ija.

"A dona, ichi n'chiyani?"

"Msomali."

"Nanga ichi?"

"Ndalama yamkuwa."

"Ee, koma ndabereka sing'anga!"

Kusukulu ine sindiyankhula. Mphunzitsi akanditchula, ndimangoyang'ana pansi. Koma nditatsinzina choncho ndinkayankha mosaopa. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkandigonjetsa. Mphete yagolide ndi kachitsulo kotsegulira chitini cha zakumwa zimalira mofanana, kulira kwapakatikati, kosakwera, kosatsika. Adadi ankavula mphete yawo ya ukwati n'kumaisinthanitsa ndi kachitsuloko, ine n'kumalephera.

"Usadandaule," ankatero. "Ngakhale nkhalamba za ku kalabu zimapusitsidwa. Zimenezi umazidziwa ukakumba basi."

Tsiku lina masamba atayamba kugwa, nditatsika basi ya kusukulu, ndinawapeza akusamba m'manja pampopi wa kuseri. Anandionetsa dzanja. Pachala panali mzere woyererako pomwe pamakhala mphete.

"Ndadzala golide m'dimba," anatero monong'ona.

"Mphete yanu, adadi?"

"Tsitsa mawu, ufuna ndigone panja? Amayi ako ndawauza kuti ikundithina m'magolovesi ku ntchito. Iweyo uipeze ndi khutu lako. Ukaipeza, makinawa ndi ako."

Ndinawafunsa mbali yomwe aikwirira. Anaseka n'kundiwaza madzi. Ndinati ndidzaifuna ndikamaliza mayeso.

Mayesowo ndisanamalize, adadi anagwa ali ku ntchito. Unali mtima. Maliro anapita kumudzi, amayi anaperekeza, ine ndinatsala ndi mayi ena a kutchalitchi kwathu chifukwa pasipoti yanga inali itatha. Mwambo wa kumanda ndinauonera pafoni. Chithunzi chinkangoimaima. Itakwana nthawi yoti abale aponye dothi, chinaimiratu pankhope ya munthu yemwe sindimudziwa, n'kumangomveka nyimbo ndi mafosholo. Pomwe chinkayambanso kuyenda, panali mtumbira kale.

Amayi anabwerako mu Januwale ataonda. Sabata yomweyo kunagwa sinowo, chipale chofewa chija, kenako mvula yozizira yomwe inaumira pamwamba pake, moti sukulu anatseka. Masana ena ndili m'chipinda ndinawamva akuyankhula pafoni ndi achemwali awo kukhitchini.

"Kuchipatala anandipatsa wotchi, foni ndi makiyi, koma mphete ayi. Kuntchito kwawo ndakafunsa, m'loka mwawo mosungira zovala munali juzi yokha. M'galimoto ndagwedeza paliponse." Anamvetsera kaye. "Ndi zomwe akunena alamu anga zimenezo. Akuti mwamuna savula mphete popanda komwe akupita. Pamaliro pomwe ankandiyang'ana ngati ndine wopusa. Achemwali, ndikulira munthu yemwe mwina sindinkamudziwa."

Ndinatuluka m'chipindamo. Ndinadikira adule foni, n'kuwauza zonse, za pampopi, za dimba, za masewera aja.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, ndikudziwa kuti unkawakonda. Koma usawaikire kumbuyo."

"Si bodza, amayi."

"Munthu wamkulu, wapabanja, kukwirira mphete ya ukwati ngati galu wabisa fupa? Ndikanene zimenezo kumudzi? Andiseke?"

"Ili panjapo."

"Unaiona akuikwirira?"

Sindinaione. Ndinaweramitsa mutu. Amayi anatsegula madzi pasinki n'kuyamba kutsuka kapu yomwe inali yoyera kale. Ali chotembenuka choncho anandiuza kuti nyumbayi yatikulira, ndipo kumapeto kwa Febuluwale tisamukira ku Gaithersburg, kufupi ndi ntchito yawo, m'nyumba ya m'mwamba yopanda bwalo.

Makina anali kuseri kwa chitseko komwe adadi anawasiya. Ndinaika mabatire atsopano. Mahedifoni ankanunkhirabe mafuta awo a m'mutu, moti ndinayamba ndaima kaye ndisanatuluke.

Panja sinowo anali gwa, ndinkayenda pamwamba pake osatitimira. Ndinayendetsa mbale pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira. Chule. Chule wina. Kabelu. Zonse zomwe anadzala zinalipo, chilichonse chikuyankha pamalo pake. Kulira kwapakatikati kuja ndinakumva malo awiri, pafupi ndi mpanda ndi patsinde pa mtengo. Ndinaikapo miyala. Nditaswa sinowo n'kumenya fosholo pansi, inangodumpha n'kundipweteka m'manja. Ndinathira madzi otentha a m'ketulo. Anafewetsa kadothi ka pamwamba, m'mawa mwake pamalopo panali ayezi wonyezimira, polimba kuposa kale.

Kuyambira pamenepo ndinkapitako tsiku lililonse ndikaweruka, dzuwa lisanalowe. Sindinkakumba. Ndinkangoima pamiyala ija n'kumadutsitsa mbale uku ndi uku. Ndikaimitsa dzanja, zii. Ndikayendetsa, kulira. Zinali ngati munthu ali m'chipinda chokhoma, amangoyankha ukagogoda. Nthawi zina ndinkatsinzina, n'kumadikira mawu aja akuti, "A dona, ichi n'chiyani?" Kamodzi ndinatembenuka mofulumira poganiza kuti pampopi paima munthu. Linali thumba la masamba lomwe adadi anamanga osalitaya.

M'buku langa lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, masiku amenewo ndinkangolemba za nyengo. Kwazizira. Kwaziziranso. Chomwe ndinkaopa sindinkachilemba. Bwanji ngati malo onse awiriwo ndi tizitsulo ta zitini? Bwanji ngati adadi ankandinamiza inenso, dimba lija n'kukhala nkhani yongophimbira? Amayi ankandiona pawindo. Sanandiletse, sanandifunsenso. Ankalongedza mbale m'makatoni. Chithunzi cha ukwati anachichotsa pakhoma n'kuchiika pansi, chitayang'ana kukhoma.

Loweruka lina kunabwera agogo ena achizungu, mnzawo wa adadi wa ku kalabu. Anali ndi kachipangizo kothandiza kumva m'khutu, ndipo ankayankhula mokuwa. Anabweretsa kabokosi kagalasi ka mabatani omwe adadi anasiya kuti adzaonetse pamsonkhano wa m'chisanu. Amayi anawapatsa tiyi. Tinkayankhula m'Chingerezi. Agogowo ataona makina ali ndi sinowo pambale, anandifunsa ngati ndapenga, kufufuza mu Febuluwale. Sindikudziwa komwe ndinatenga mphamvu, koma ndinawafotokozera, amayi ali pomwepo.

Agogowo sanaseke. Anati iwo anakwirirapo dzino lawo lagolide, akazi awo osadziwa mpaka lero. Koma anati sangalumbire za mphete ya adadi, chifukwa sanawauzepo. Anati tidikire Malichi, nthaka idzafewa yokha.

"Malichi tidzakhala titachoka," anatero amayi.

Agogo anakanda chibwano. Anati kumapiri komwe anakulira, munthu akamwalira m'chisanu, okumba manda ankayala makala amoto pansi n'kuvindikira ndi lata, nthaka n'kusungunuka.

Atangotchula manda, amayi anaimirira n'kuyamba kuchotsa makapu, tiyi asanathe. Agogo anazindikira, anapepesa, n'kutsanzika.

Sabata yonse nkhaniyi sinatchulidwe. Makatoni anadzaza pabalaza. Loweruka lotsiriza m'nyumbamo ndinadzuka n'kumva fungo la utsi. Nditasuzumira pawindo ndinaona amayi ali panja, chitenje atamanga pamwamba pa jekete la adadi, akukupiza makala ndi chivindikiro cha poto. Anali makala otsala owotchera nyama m'chilimwe. Anawagawa pamiyala yanga iwiri ija, n'kuvindikira pena ndi thireyi ya mu uvuni, pena ndi chiwaya.

"Usangoima ngati mlendo," anatero nditatuluka. "Sindikufuna kuti udzandinene kuti ndinakukaniza. Tikumbe, uone wekha, tizipita."

Tinakhala pamasitepe kudikira, manja m'khwapa. Sinowo wozungulira anasanduka matope. Dzuwa litapendeka, amayi anakankhira makala kumbali, ine n'kugwada ndi kafosholo ka adadi pafupi ndi mpanda. Dothi linali lofunda, likutuluka nthunzi. Ndinkalitapa ndi manja n'kumalidutsitsa pambale ya makina. Litalira ndinafumbatula. Kanali kachitsulo ka chitini, kopindika.

Amayi anayang'ana kumpanda, n'kukoka jekete lija kulimangitsa pachifuwa.

"Kwatsala kumtengo," ndinatero.

"Mwanawe, zisiye. Bola tichoke tisakudziwa."

Ndinapitabe. Pamenepo panali mizu, ndipo kutentha sikunalowe kwambiri. Ndinakumba mpaka kafosholo kanagunda dothi louma. Makina ankalirabe m'dzenjemo. Ndinapala ndi zikhadabo, zala zitachita dzanzi, osapeza kanthu. Kenako ndinamva amayi agwada pambali panga.

"Suntha. Iwe khasu sunaligwirepo."

Anatenga kafosholo n'kumenya mwamphamvu, kudula muzu, kutembenuza chibuma. Pansi pake panatuluka chinthu chabuluu. Chinali chala cha golovesi ya ku ntchito, chodulidwa, chomangidwa mfundo kukamwa. Mfundoyo inali ija adadi ankamangira matumba a buledi, yomwe amayi ankadandaula kuti simasuka. Anayesa ndi zala, analephera. Anaing'amba ndi mano.

Mphete inagwera m'dzanja lawo, youma bwinobwino, yopanda ndi dothi lomwe.

Anaiyang'ana. Kenako anaseka kamodzi, kuseka kosweka. "Chitsiru cha mwamuna," anatero. "Anaiveka ndi jekete kuti isazizidwe." Atatero anakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, kulira kwa kumudzi, kokweza, komwe sindinawamvepo akulira kuno. Mayi woyandikana nafe anatsegula chitseko, n'kutsekanso mwakachetechete.

Amayi atatonthola anavala mpheteyo pachala chachikulu, poti pena ponse inkagwa. Ine ndinatenga kafosholo kuti ndikwirire dzenje, chifukwa adadi ankati wofufuza weniweni sasiya dzenje lotsegula. Amayi anandigwira mkono.

"Ndi manja," anatero. "Iwe sunaponye dothi."

Ndinatapa dothi lofunda lija n'kuliponya m'dzenjemo. Iwonso anatapa n'kuponya. Tinapitiriza choncho mosinthana mpaka linadzaza, amayi n'kutsendera ndi chikhatho.

Zina zonse tinazisiya momwemo. Kuno ku Gaithersburg makina ali kuseri kwa chitseko cha chipinda changa, mabatire nditachotsa monga amachitira anthu m'chisanu. Chithunzi cha ukwati chili pakhoma pabalaza. M'nyumba ija mukukhala anthu ena, ndinaona njinga ya mwana pabwalo tsiku lomwe tinadutsako. Sakudziwa kuti pansi pa udzu wawo pali misomali, kiyi ndi ndalama yasiliva, chilichonse pomwe adadi anachiika, chikudikira wina adutse n'kufunsa.