Ng'ombe Zosawerengedwa za Mzee Sankale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pabwalo la tchalitchi ku Nairobi mu 2000, nditangomaliza koleji. Mayi Chirwa, Mmalawi mnzanga, ankayendetsa kabungwe kothandiza anthu pa nkhani za malo. "Achimwene, mumatha kugwira tepi?" Ndinati eya, Lolemba n'kuyamba.

Chaka chimenecho chilala chinathamangitsira Amasai m'tauni pamodzi ndi ng'ombe zawo. Kuti amange misasa pamalo opanda mwini, pankafunika chilolezo cha miyezi itatu. Ine ndinkayeza malowo ndi tepi ya mamita makumi asanu, kukhoma zikhomo m'makona, kujambula mapu, kenako kudzaza fomu.

Banja loyamba kulithandiza linali la mkulu wina wachimasai, Mzee Sankale, kuseri kwa dera la Umoja. Zonse zinayenda bwino mpaka pa bokosi lofunsa chiwerengero cha ziweto.

"Ng'ombe zilipo zingati, Mzee?" ndinafunsa m'Chiswahili changa chothyokathyoka.

"Mwanangu, ife ng'ombe sitiwerenga. Ukaziwerenga zimafa. Iliyonse ndimaidziwa nkhope."

Ndinalemekeza mwambowo, bokosilo n'kulisiya lopanda kanthu. Ndinkadziona ngati wanzeru kwabasi.

Ku ofesi yoona za malo ndinaima pamzere mmawa wonse. Mkulu wa pawindo anangoloza bokosilo ndi cholembera. "Fomu yosakwanira." Ndinamupempha kuti aisunge, ndithamange ndikawerenge. Anati ndikayambirenso ina, ndibwere sabata yamawa. Nditafotokoza za mwambo anaseka. "Malo m'tauni akuwafuna, koma kuwerenga ayi?"

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Pafupi ndi msasawo anthu ankamanga nyumba zosanja pamalo a msewu, popanda wowafunsa fomu. Koma ofuna udzu wa miyezi itatu, amene akanachoka okha mvula ikagwa, ndiwo lamulo linawaona!

Sabatayo sinathe n'komwe. Lachinayi ndinatsika minibasi ya matatu pafupi ndi msasa uja n'kupeza maasikari, alonda a khonsolo, akugwetsa misasa, azimayi akutola mapepala apulasitiki ndi zipanda za mkaka. Ng'ombe zowonda ankazikusira kumsewu waukulu. Ziwiri zinagwa pomwepo, osadzukanso.

Mzee Sankale anandiyang'ana. "Pepala lija lili kuti, mwanangu?"

Mayi Chirwa sanandikalipire. "Mwambo umaletsa iwowo, achimwene. Inuyo anakuletsani ndani? Bwenzi mutangoima pachipata cha khola n'kuwerenga chamumtima."

Kuyambira tsikulo sindiperekanso fomu ya munthu wosauka ili ndi bokosi lopanda kanthu. Wa pawindo amafunafuna pomwepo, kuti apeze pokanira.